Chimbale chakale ndi chatsopano

Basi inali itachedwa, ndipo mayi wina wovala yunifolomu ya unamwino anavula nsapato n'kukhala pabenchi, miyendo ili zii. Pambali pake bambo wachipewa ankamvetsera pafoni nyimbo za sewero loimba lakalekale, lonena za mkazi wa msilikali.

"Chimenecho ndi chimbale cha oimba oyamba aja, eti bambo?"

"Eya, mayi. Chatsopanochi ndinachiyesa, koma ayi. Zoimbira n'zabwino, mawu akumveka bwinobwino, koma mulibe mtima."

"Ngakhale nyimbo yotsanzikana ija?"

"Makamaka imeneyo! Mayi wakaleyu mawu amamuthera pakhosi, mpaka umamva akumeza malovu. Kamtsikana katsopanoka kamangodutsa nayo myaa, ngati kakuwerenga zanyengo pa wailesi."

Mayiyo anasisita phazi lake. "Sapuma poyenera kupuma. Inenso ndamva zomwezo. Sabata yonseyi ndakhala ndikusinthanitsa, chakale, chatsopano, chakale, kuti mwina khutu langa ligonje. Lakana."

"Ndiye mukudzivutitsiranji? Ingomverani chakalecho."

"Kamtsikanako ndi mwana wanga. Akundidikira kunyumba. Anandiuza kuti, 'Amayi, mumvetsere zonse ziwiri, mundiuze zoona.'"

Bamboyo anazimitsa foni. "Pepani kwambiri, mayi. Pakamwa pangapa pamandipalamulitsa."

"Musapepese. Simunaname."

"Nanga mukamuuza chiyani?"

Mayiyo anayang'ana kumsewu, kumene basi inali itatulukira tsopano, n'kuyamba kuvala nsapato pang'onopang'ono.

"Ndikamuuza kuti ndatopa, tidzakamba mawa. Dzulonso ndinatero."