Ndinagula masheya ndi ndalama za maliro

Aulutsi, dzina langa musalitchule. Ndine msungichuma wa gulu la Amalawi kuno ku Toronto, lomwe timasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi.

Masheya a kampani ina yoyeza kudalirika kwa anthu pa ngongole atagwa mtengo, ndinawerengera ndekha n'kuona kuti atchipa mopitirira, akweranso basi. Ndinagula ndi ndalama za gulu osauza munthu. Anangopitirira kugwa.

Pano mkulu wina wa m'gulu lathu ali kayakaya m'chipatala ku Hamilton. Dzulo akazi awo anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Achimwene, zikavuta, thumba lija lilipo eti?" Ndinangoti, "Lilipo, mayi."

Ndikagulitsa masheyawo lero, ndalama zake sizikwanira kunyamula thupi. Kubanki andikaniza ngongole, akuti malikisi anga a kudalirika pa ngongole ndi otsika. Yondipatsa malikisiwo ndi kampani yomweyo.