Makasu Khumi ndi Anayi a Misheck

Misheck, mphunzitsi wa gofu pa esiteti ya anthu olemera kuseri kwa Phiri la Dedza, anali munthu woti ukamuyamikira kamodzi iye amadziyamikira kawiri. Koma tsiku limenelo mtima unali m'mwamba, poti a Zikhalo, malume ake a Magadalena, anapalasa njinga kuchokera ku Kasina kudzaona okha ntchito ya mnyamata wofuna mbumba yawo, ndipo ukwati wonse unkadikira pakamwa pawo.

"Munda wake ndi umenewu?" anafunsa a Zikhalo, atayedzamiritsa njinga pamtengo wa paini.

"Ndi bwalo, malume. Bwalo la gofu."

"Mwadzalamo chiyani?"

"Kapinga."

"Ndafunsa chimene mwadzala, osati chimene chakukanikani kupalira."

"Kapinga yemweyo, malume. Timachita kumuthirira."

A Zikhalo anayang'ana mipope yozungulira yokha ikuwaza madzi paudzu, chilimwe chonsechi. Anavula chipewa ngati akudutsa pamaliro, kenako anachivalanso.

"Chabwino. Nanga m'thumbamo?"

"Ndodo. Zilipo khumi ndi zinayi."

Mkuluyo anasololamo imodzi n'kuyesa kunsonga ndi chala.

"Makasu abwino, kungoti ndi obuntha. Khumi ndi anayi munthu mmodzi, ndiye kuti mumalimbikira. Tayambani ndione."

Misheck anakhazika kampira pakamtengo, anagwedeza chiuno kawiri, n'kumenya. Tisamunamizire, mnyamatayo ntchito yake ankaidziwa. Kampira kanapita kuti vuu, n'kukatera pafupi ndi mbendera. Iye anaima chilili, ndodo ili paphewa, kudikira chiyamikiro.

"Pepani, mwataya," anatero a Zikhalo.

"Sindinataye, ndamenya."

"Kali kuti?"

"Uko, pambendera."

"Akatole ndani?"

"Ine ndemwe."

"Komatu kanali pamapazi panu pompa."

"Ndiwo masewera ake, malume."

"Oho. Ndiye ntchito muyamba nthawi yanji?"

Misheck anawerama n'kutola chibuma chimene ndodo inazula, anachibwezera pamalo pake n'kupondaponda bwinobwino.

"Imani kaye. Chichokere m'mawa mwalima chibuma chimodzi, chomwecho mwachibwezeranso?"

"Ndi lamulo."

"Analemba lamuloli ali ndi ana?"

Anayenda mpaka pambendera. Misheck anakankha kampira mwaulemu, iko kanagubuduzika n'kulowa m'kadzenje. Nkhope ya a Zikhalo inawala.

"Aa, tsopano ndamva. Phando ili, mbewu ndi iyoyo. Kwirirani."

Misheck anapisa dzanja n'kutulutsa kampira.

"Mwafukulanso? Kwathu amene amachita zimenezo ndi akhwangwala."

"Ndikupita nako kudzenje lina, malume. Maenje alipo khumi, asanu ndi atatu."

"Mbewu imodzi?"

"Si mbewu."

"N'chifukwa chake simera."

Apa Misheck anaona kuti mkuluyu akufunika kumuphunzitsa ngati mmene amaphunzitsira mabwana a ku Lilongwe, ndipo anakokera malamba m'mwamba.

"Timvetsetsane, malume. Pano timawerenga kamenyedwe. Katswiri ndi amene wamenya pang'ono kuposa onse."

"Pang'ono?"

"Pang'ono."

"Nanga amene sanamenye n'komwe, wangogona kunyumba?"

"Ameneyo sawerengedwa."

"Akumubera. Ndiye inuyo muli pati?"

Funso limeneli Misheck ankalikonda kuposa nyama yootcha. Anatulutsa chifuwa.

"Dedza yense palibe womenya pang'ono kuposa ine. Ndili ndi chikho kunyumba."

"Anakupatsani chikho chifukwa chochepetsa ntchito."

"Chifukwa cha luso."

"Pamaso pa anthu?"

"Anaomba m'manja."

A Zikhalo anapinda buluku n'kulilowetsa m'sokosi, monga amachitira munthu wokwera njinga.

"Basi, ndaona zokwana. Ndikukanena kumudzi."

"Mukanena kuti chiyani?"

"Zimene ndaona."

Ananyamuka kulunjika kunjinga. Misheck ankamukonda Magadalena zenizeni, ndipo anaona ukwati wake ukuchoka wapansi, buluku lili m'sokosi. Anayang'ana kukhonde la kilabu, kumene ophunzira ake anali kumwa tiyi, onse maso ali kwa iye. Kenako anayang'ana dzenje la mchenga lapambali, limene ankawaseka nalo tsiku ndi tsiku akagwetseramo kampira, limene iye ankalumbira kuti salidziwa n'komwe.

"Malume, dikirani. Zijazi kunali kungowongola mafupa. Ntchito yeniyeni ili umu."

Anaponya kampira mumchenga ndi dzanja lake lomwe, analumphiramo, n'kuyamba kukhapa pansi. Mchenga unauluka. A Zikhalo anabwerera n'kukhala chonjuta m'mphepete.

"Ehe. Tsitsani chiuno."

"Chonchi?"

"Chomwecho. Kampirako kazembeni, kakukusokonezani."

"Ndamenya kangati?"

"Musawerenge, mungachite ulesi. Limenelo lapindika, tengani lina."

Misheck anatenga ndodo ina. Imene anapindayo inali yochokera kunja, moti akanakhala yekha akanalira. Kukhonde makapu anali atatsika. Bwana wina anaimirira n'kukweza foni.

"Anthu aja akutiona, malume."

"Aone. Mwina sanaonepo munthu akugwira ntchito."

"Mchenga watha."

"Chatuluka n'chiyani?"

"Katondo."

"Pitirizani, pansi pake pamakhala dothi labwino."

Ndodo yachisanu itapindika, Misheck anali m'dzenje lofika m'mawondo, malaya oyera atasanduka ofiira, m'manja muli matuza. Mbiri yake ya zaka khumi inali itakwiririka m'dothi lomwelo, ndipo iye ankadziwa. Koma ataona a Zikhalo akumwetulira kwa nthawi yoyamba, mtima unakhala pansi.

Mkuluyo anamupatsa dzanja n'kumukokera kunja. Anamutembenuza zikhato n'kuziyang'anitsitsa ngati akugula mbuzi pamsika wa Mayani.

"A Misheck, ndinakulakwirani. Magadalena ndi wanu."

"Zikomo, malume. Zikomo kwambiri. Ndiye mmene munkapita kunjinga muja, munkakandikana?"

"Kukukanani? Ayi. Mwanayo amakukondani, ife tingatani? Ndimakawauza kuti mnyamatayu ndi waulesi wochita kupatsidwa chikho, kumudzi kuno angatithere chimanga. Bola amutenge Magadalena chitengwa, azikakhala konko kuesiteti, m'nyumba yamagetsi, azikamenya pang'ono mpaka kukalamba."



"Ndiye... ndiye zikhale choncho, malume. Inetu ndine waulesi ndithu. Funsani aliyense. Ndikuonetseni chikho?"

"Musadzichepetse, ndaona ndi maso angawa." A Zikhalo anamusasa dothi paphewa mwachikondi. "Manja ngati awa mudzi sungawataye. Mubwera chikamwini. Munda wa kachewere ndi maekala atatu, ndipo tikugalauza Lolemba."