Pikapu Yofiira ya a Falzon

Pa fakitale ya magalimoto ku Melbourne, zigoba za magalimotowo zimalowa kopenta motsatira mtundu. Zoyera pazokha, zofiira pazokha, pakati amatsuka mapaipi a penti. M'mawa umenewo Dragi, wondandalika zigobazo, anali pa zoyera pamene kapitawo Falzon anatulukira, thukuta kamukamu.

"Iwe Dragi, pikapu ndinagula ija ili pati?"

"Pamzere wa zofiira, a Falzon. Ndi yoyamba."

"Yachiwiri?"

"Ya alamu anu, a Spiro."

Falzon anadzigwira pachifuwa. Anali atalumbira pamaso pa banja lonse kuti yake idzafika kunyumba, penti ya pikapu ya Spiro isanaume n'komwe.

"Aaa! Azindinunkhiza kumbuyo? Yanga ilowe pompano."

"Zoyera sizinathe."

"Zitha liti?"

"Yomaliza ikalowa."

"Usandiphunzitse ntchito. Lowetsa!"

"Ndiye ndiimitse mzere, titsuke mapaipi."

"Uimitse chiyani? Ukufuna akuofesi atsike ndi moto?"

"Basi ndisatsuke?"

"Kodi ndi mbale zimenezo?"

"Mumapaipi muli penti yoyera."

"Yofiira ndi yamphamvu, iikankha. Ndinayamba kupenta iwe uli kumsana."

Dragi anawerengera pa zala. "Ilowe pompano. Osaimitsa. Osatsuka."

"Eyaa! Lero makutu atseguka."

Dragi anadina batani. Chigoba chinalumpha mzere n'kulowa. Falzon anakaima potulukira, manja m'chiuno, akuimba mluzu.

Mluzu unaduka. Pikapu inatuluka yapinki, ngati keke ya pa ubatizo.

"Ichi n'chiyani?"

"Pikapu yanu."

"Ndinati yofiira!"

"Yofiira ilimo. Ndaiona ikulowa."

"Ibweze! Aipentenso!"

"Zobwerera zimakhala kumapeto. Lamulolo munaika ndinu, tsiku munakalipira anthu onse lija."

Pomwepo mzere unaima. Falzon anacheuka.

"Nanga waimiranji?"

"Tikutsuka. Zoyera zatha."

"Zatha? Zinatsala zingati?"

"Imodzi."

"Imodzi! Iwe, bwanji sunanene?"

"Munafunsa kuti zitha liti. Ndinakuyankhani."

Falzon anakhala pa chigubu cha penti. Anavula chisoti. Kutsogolo kwake chigoba china chinasendera pakhomo, mwaulemu, ngati mkwati.

"Icho n'cha ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Cha alamu anu. Tsopano ndiwo oyamba." Dragi anaika chala pa batani. "Ndikawauze kuti mwawapatsa malo, kapena mukawauza nokha?"