Helikopita Yosamveka pa Munda wa a Jere

Ine, Dailes Jere, wa zaka 41, wa m'mudzi mwa Mtewe kufupi ndi Madzimoyo, mlimi, ndikunena izi kwa apolisi:

Amuna anga, a Fackson Jere, sankamva bwino chidwalire malungo mu 1989. Chaka chino helikopita ya kampani yofufuza miyala inkadutsa kwathu kawirikawiri, ndipo ng'ombe zathu zapangolo zinkaiopa. Tinapangana kuti ndikaimva ikadali kuseri kwa phiri ndiziwagenda ndi chibuma pamsana, iwo atsike agwire ng'ombe pamphuno. Sindinaphonyepo. Ngakhale lole ikalira pamsewu wa ku Lusaka ndinkawagenda, iwo n'kumati, "Amake Vailet, msana wangawu mudzautha."

Lachiwiri pa 14 Meyi 1996, cha m'ma 10 koloko m'mawa, tinkatuta chimanga. Iwo anali pangolo, ine pambuyo, mtunda ngati kuchoka pano kufika pageti panupo. Chibuma chinali m'manja. Sindinamve kanthu. Ndinangoona mthunzi ukudutsa, mapesi n'kugona. Phokoso linafika helikopita ili kale pamutu pathu. Ng'ombe zinathawira kukhwawa, ngolo inagubuduzika n'kuwapsinja pachifuwa. Anamwalira tisanafike nawo pamsewu.

Masana helikopitayo inatera pabwalo la mpira. Womasulira wa oyendetsa anandionetsa mapiko ake ozungulira aja, opindika kunsonga. Anati ndi atsopano, akuwayesa, ndipo anawapanga kuti asamasokosere anthu ndi nyama. Alamu anga a Philemon, akulu awo a malemu, panalibe.

Titaika maliro, a Philemon anati, "Mlamu, chinthu chija timachimva chikadali ku Chipata. Makutu anu munabwereketsa ndani?" Akuti ndinaimva n'kukhala chete dala. Akuti ndichoke pamudzi, ana atsale.

Kuyambira tsiku limenelo ndimamva kulira kwa mapiko akale aja ndikamasinja, ndikamatunga madzi, ngakhale m'tchalitchi. Ndikayang'ana kumwamba kulibe kanthu. Dzulo Vailet, mwana wanga woyamba, anandipeza ndikugenda ngolo yopanda munthu.

Sindikudandaulira oyendetsa. Ndikupempha apolisi awauze adutsenso ndi helikopitayo pamudzi pathu masana, ndi mapiko atsopano omwewo, alamu anga atakhala panja chopenya kumbuyo. Akaimva isanafike pamutu pawo, ndidzanyamuka ndekha, ana n'kuwasiya.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi.

Wasaina: Dailes Jere