Anamfundo ndi Mikanda Yoduka

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1959, mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaimirira panoyu ndine mlongo wawo, mzime wa m'nyumbamo. Anayamba sukulu mu 1967 ndipo analekeza mu 1975 bambo athu atadwala. Kuyambira ali aang'ono anali ndi manja odekha. Batani likathothoka m'nyumba mwathu, tonse tinkathamangira kwa iwo.

Mu 1981 anakwatiwa ndi alamu athu, okonza mawotchi, amene akhala apawa. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Ntchito yotunga mikanda anaiyamba mu 1988, pakhonde, ndi mbale imodzi ya mikanda ndi singano ziwiri. Alamu ankawapindira tizingowe ta waya totsekera kukhosi. Pofika 1996 anapeza kachipinda kuseri kwa telala pamsika, nalemba amayi atatu owathandiza kupanga mikanda ya m'khosi, ndolo ndi zibangili.

Malemu anali ndi katungidwe kawokawo. Akatunga mkanda umodzi ankamanga mfundo, akatunga wina, mfundo inanso, mpaka kumapeto. Anzawo amati akamaliza isanu, iwo ali pa wachiwiri. Anthu pamsika anawaseka mpaka kuwapatsa dzina loti Anamfundo, ndipo iwo analilandira ndi manja awiri. Ankati: "Ulusi uliwonse udzaduka tsiku lina. Ukaduka, pagwe mkanda umodzi, osati mayi wa eni azikwawa pansi pa mabenchi kutola."

Mu 2016 zinthu zinavuta. Mitengo inakwera, mikanda yoodayo inadula kawiri, ogula anasowa. Munthu amene akuganiza za sopo ndi fizi ya mwana sayang'ana ndolo. Panapita masabata atatu osagulitsa kanthu kooneka. Mwana wawo woyamba, powamvera chisoni, anati: "Amayi, siyani mfundozi, gulani ulusi wotchipa, ndipo mmodzi mwa amayi atatuwa ayambe wapuma." Iwo anayankha kuti: "Chabwino mwanawe, koma ukamuuze ndiwe, umuyang'ane m'maso." Nkhani inathera pomwepo.

Chimene anachita n'chakuti anapempha telala uja kachidutswa ka katoni, nalembapo kuti: "Bweretsani yoduka." Ife tinaseka, tinati achemwali ayamba kutola zinyalala. Koma iwo anali ataona kuti pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mikanda yoduka yogona m'kapu kapena m'kabati, imene mwini wake akulephera kuitaya. Anthu anayamba kubwera nayo, wina m'kampango, wina m'bokosi la machesi. Malemu ankaitsuka, kuitunganso pa ulusi wolimba, ndi mfundo zawo zija, pamtengo woti aliyense akwanitse. Yotsala yosiyana mitundu ankaigula kwa eni ake n'kupangira ndolo zing'onozing'ono. Tebulo analikokera pawindo kuti asamayatse getsi masana. Phindu linali lochepa, koma linkalowa tsiku ndi tsiku, ndipo mwa amayi atatu aja palibe amene anabwezedwa kunyumba. Zinthu zitayamba kupepukako, amene anabwera ndi yoduka aja ndi omwe anabweranso kudzagula yatsopano.

Mu 2023 matenda a shuga anayamba kuwafooketsa ndipo maso anachita khungu. Sanasiye kupita kuntchito. Ankakhala pampando wawo, kuyendetsa chala pa mkanda uliwonse womalizidwa. Mmodzi mwa amayi aja, amene malemu ankamutcha Achangu chifukwa chokonda kufulumira, adzachitira umboni. Akadumpha mfundo imodzi yokha, chala chinkaima pomwepo: "Achangu, apa mwandinamiza. Masulani." Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni chaka chino, ndipo anatisiya pa 11 Juni m'mawa, ali ndi zaka 65.

Ambiri mwakhala mukutifunsa chapansipansi ngati kachipinda kaja katsekedwe. Ali m'chipatala, malemu anaitanitsa Achangu, nawapatsa mkanda woti atunge pomwepo pambali pa bedi. Atauyendetsa chala kuyambira kuno mpaka uko osaima, anatulutsa kiyi wa kachipindako pansi pa pilo n'kuwaikira Achangu m'manja. Banja lagwirizana nazo. Chitseko chitsegulidwa Lolemba likubwerali. Pashelefu pali timapukusi khumi ndi tinayi ta mikanda yoduka imene ena mwa inu munasiya. Musadandaule, itungidwa, ndipo mfundo zake zikhala zokwanira.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ife abale awo awiri otsala, ndi amayi atatu amene iwo sankalola kuti tiziwatcha antchito. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, atelala amene anatseka shopu yawo kuti atithandize kunyamula, anzawo a pamsika, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Achemwali, singano mwaisiya m'manja abwino. Pumulani, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.