A Uledi Shamsu ndi Timilamba ta M'phiri

Malemu bambo athu a Uledi Shamsu anabadwa pa 14 Malichi 1958 pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe bambo awo ankasamala nkhalango ya paini. Kuseri kwa nyumba yawo kunkadutsa kamtsinje ka madzi oziziritsa mano, ndipo pansi pa miyala yake pankabisala timilamba tamawangamawanga, totalika ngati chala. Alongo awo akuti malemu akatumidwa kukatunga madzi, ndowa inkabwera dzuwa litapendeka, muli nsomba.

Mu 1966 anayamba sukulu ku Songani, madzulo akupita ku madrasa. Analekezera fomu 2. Mu 1977 analembedwa ntchito yodula magalasi m'sitolo ya a Azhar m'tauni muno, ndipo anakhalapo mpaka kupuma mu 2018. Ambiri mwa inu mumasuzumira pa mawindo omwe anadula ndi iwo.

Mu 1983 anamanga banja ndi mayi Amisa, omwe akhala m'nyumbamu pamodzi ndi amayi anzawo.

Mu 2009 malemu anakwera phiri kukaona komwe anakulira. Anapeza mitengo itadulidwa, kamtsinje katakwiririka ndi mchenga, patangotsala dziwe limodzi. Anatsika ndi timilamba tochepa m'chigubu, mtima utasweka. Anapempha zidutswa za magalasi kwa a Azhar n'kumata thanki yoyamba. Kuyambira pamenepo pabalaza panasanduka pa nsomba. Matanki anachuluka, munalowa nkholokolo ndi mitundu ina yosowa, mipando n'kumasunthira kukhonde. Anansi ankaseka kuti munthu angawete bwanji ndiwo osazidya, ndipo mayi Amisa ankati mwamuna wawo wawabweretsera mitala ya m'madzi.

Koma khumbo la malemu linali limodzi: kuona ndi maso awo timilamba ta kwawo titaswana, kuti mtundu wake usathe. Chaka chilichonse ankakwera kukafuna tina, n'kumabwerako ndi tochepa kuposa chaka chatha. Mitundu ina ija inkaswana, koma ta m'phiri ayi. Lero tinene zoona, abale: ankatikonda mopitiriza. Mu Juni ankafunditsa thanki bulangete. Madzi ankayamba awatenthetsa pang'ono, monga osambitsira khanda, ndipo madzi a padenga sankawalola n'komwe. Munthu wobadwira m'chisanu cha m'phiri ankaopa kuti nsomba za m'phiri zizizidwa.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga, maso n'kuyamba kuchita khungu. Ankakokera mpando pafupi, mphuno kugunda galasi, kudikira.

Mu Novembala chaka chino anagonekedwa kuchipatala, ndipo nsomba anazisiya m'manja mwa mayi Amisa. Masiku amenewo m'mipope munalibe madzi, ndipo a m'thanki ya timilamba ta m'phiri anali atachepa. Mvula yoyamba itagwa, mayi anatunga m'diramu la pansi pa denga n'kuthira choncho, ozizira, akuthamangira kuchipatala ndi phala. Njira yonse mtima unali m'mwamba kuti apha nsomba za eni ake, ndipo kwa odwala sananene kanthu.

Patapita masiku, mayi anaona tinthu tonga nyenyeswa za mpunga tikuyenda pakati pa miyala ya m'thankimo. Zimene malemu anazidikira zaka zonsezi zinachitika iwo kulibe. Mayi anatapa tingapo m'botolo la jamu, analifunditsa chitenje, n'kukwera kabaza.

Anapeza maso a malemu atatheratu. Malemu analandira botololo ndi manja awiri, ndipo atamva kuzizira kwake anafunsa komwe madziwo achokera. Mayi anaulula. Omwe analipo akuti malemu anaseka mpaka kutsokomola, kenako misozi inatsika. Anagunditsa botolo patsaya, nafunsa ngati tianato tamera ndevu. Mayi anati sitinamere. Iwo anapempha kuti tikadzangomera, adzakhale oyamba kuuzidwa.

Anatisiya dzulo madzulo, pa 3 Disembala 2024, ali ndi zaka 66. Mayi Amisa akuti lero m'mawa, podyetsa, aona ndevu zija zitatuluka, zopyapyala ngati ulusi. Anatembenuka kuti anene, koma woti auzidwe panalibe.

Malemu asiya mayi Amisa, ana atatu, a Faruk, a Warda ndi a Nadia, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino omwe anawasamala, a shehe ndi jamaa yonse, banja la a Azhar potithandiza galimoto, adzukulu okumba manda, ndi amayi omwe ali kumoto. Pempho la banja ndi limodzi: amene mukufuna kutchaja mafoni, musazule waya wa pakona pabalaza. Ndi wa kampope kopatsa mpweya tiana tija.

Allah awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.