Mayi amene anakana ndege yothawira

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1957, oyamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuyankhula pano ndine mlongo wawo, chitsirizira. Bambo athu ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, ndipo malemu anakulira pamenepo, akumvetsera anthu akunenerera mitengo. Anamaliza sekondale mu 1976, n'kulembedwa ukalaliki pasitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Mu 1980 anakwatiwa ndi alamu athuwa, amene panthawiyo ankayendetsa basi.

Mu Seputembala 1988 anapeza mwayi wokaphunzira za malonda kunja, boma la kumeneko likuwalipirira. Anasiya ana atatu. Achibalefe tinang'ung'udza, sindibisa, koma alamu anati anawo aziwasambitsa okha.

Patangotha miyezi inayi, boma lija linagwa. Asilikali anadzaza m'misewu, zitseko za mabanki zinamangidwa ndi maunyolo, ndalama inasanduka mapepala. Buledi ankakwera mtengo munthu ali pamzere. Yunivesite inatsekedwa, thandizo linaima, ndipo ophunzira achilendo anawapezera ndege yoti athawire. Alamu anatumiza telegalamu ya mawu awiri: "Bwerani, chonde." Yankho lake akulisungabe. Malemu analemba kuti, "Ndinabwera kudzaphunzira mmene malonda amayendera. Pano ndikuona ndi maso mmene amafera. Ndisiyeni ndimalize." Ndege inanyamuka popanda iwo.

Mphunzitsi wina wokalamba anapitiriza kuphunzitsa m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato ya akazi ake. Ophunzira analipo asanu ndi awiri, atakhala pa makatoni. M'mawa malemu ankachapa nsalu zoyala pabedi kuhotela ina, akulipidwa sopo ndi makandulo, zimene ankakasinthanitsa ndi chakudya. Tsiku lina asilikali anawaimitsa, n'kukhuthulira zolemba zawo m'matope poganiza kuti ndi timapepala ta ndale. Malemu anagwada, anatola mapepalawo limodzilimodzi, n'kukawayanika pawindo. Ankatiuza kuti tsikulo analira, koma ankalira uku akuwerenga.

Yunivesite itatsegulidwa mu 1990, analemba mayeso m'holo ya magalasi osweka, n'kukhoza kuposa onse. Anabwera mu Julayi 1991 ataonda kwambiri, moti mwana wawo wotsiriza anabisala kumbuyo kwa bambo ake.

Mu 1993 anatsegula sitolo yawo ya malata, misomali ndi simenti. Patapita zaka, ndalama ya kwathu nayo inagwa, eni masitolo n'kuyamba kuchotsa antchito. Malemu anaitana onse a mumsewu mwawo, opikisana nawo omwe, n'kuwakhazika pa matumba a simenti. Anawaphunzitsa kupikula katundu pamodzi ndi kusinthana zimene wina wasowa. Wina atafunsa chifukwa chothandizira adani, anayankha kuti mumsewu wa sitolo imodzi simufika munthu. Chaka chimenecho mumsewumo simunatsekedwe sitolo ngakhale imodzi, ndipo mwa antchito awo makumi asanu ndi limodzi palibe anauzidwa kuti akakhale kunyumba. Ambiri mwa iwo ndikuwaona pano.

Anayamba kudwala mtima mu 2021. Anapereka makiyi kwa mwana wawo wamkazi, komabe Lolemba lililonse ankapita kukakhala pampando wa pakhomo, akudzudzula okweza katundu mosasamala. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Febuluwale chaka chino, ndipo anatisiya pa 11, dzuwa likutuluka, alamu atawagwira dzanja.

Asiya amuna awo, ana atatu, adzukulu asanu ndi atatu, ndi ife abale awo asanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, oyandikana nawo nyumba, ndi inu eni masitolo amene mwatseka msewu wonse lero kuti mudzawaperekeze. Akanakhala kuti akumva, akanakukalipirani kuti mwataya tsiku la malonda.

Achemwali, mwagwira ntchito. Mzimu wanu uwuse mumtendere.